Ukwati wa Naini Koloko

"Kapu iyi waimanga kansalu ndani?"

Atelala anaima pakhomo la khitchini, kapu ili m'manja. Pachogwirira pake panali kansalu kofiira, komangidwa mfundo ziwiri. Kansaluko anakazindikira: kanali kachidutswa kotola pansi pa makina awo omwe osokera.

Amuna awo, amene anthu ankawatchulabe kuti Adalaivala ngakhale anasiya chiwongolero kalekale, anali pampando akupukuta nsapato.

"Ndine," anayankha osadzutsa mutu. "Nanga n'kulakwa kuti munthu azidziwa kapu yake?"

"Zaka makumi atatu tikumwera kapu iliyonse imene dzanja lagwira. Lero ndiye mwaona kuti ndikufunika yangayanga?"

"Tsitsani mawu, amayi a Chitsiriza. Anthu akumva panjapo."

"Amve! Dzana munasamutsa bulangete kukagona pabalaza, ati msana. Dzulo sopo mwamudula pakati. Lero kapu. Mawa ndiye mundimanga kansalu m'khosi ngati mbuzi yogulitsa?"

Adalaivala anaika nsapato pansi n'kupumira m'mwamba ngati wolakwiridwa ndi iwo.

"Inu mukuona ngati ndikukudani. Ine ndikungochenjera basi. Safunsa anadya phula. Ndafunsafunsa, ndipo anthu andiuza kuti munthu wowotchedwa ndi makina a kuchipatala aja amabwerako ndi magetsi m'thupi. Thukuta lake, mpweya wake, chilichonse chimene wakhudza."

"Anthu ake ati? Anzanu a pasiteji aja, oti chipatala amangochionera pawindo la basi?"

"Chabwino, asiyeni anzangawo. Tandiyankheni ichi. Munandiuza ndi pakamwa panu kuti akakugonekani pamakinapo, manesi onse amatuluka n'kutseka chitseko chachitsulo. Ngati zili bwinobwino, akuthawa chiyani? Iwo ophunzirawo akuthawa, ine mbuli ndizikumbatira?"

"Amathawa makina akayaka, sathawa ine! Akazima amabwera, amandigwira dzanja n'kundidzutsa. Nesi anandiuza kuti cheza chake chili ngati cha tochi. Ukazimitsa, kuwala sikutsalira pakhoma."

"Ndiye chikudetsa khungu lanulo n'chiyani, ngati sichitsalira?"

Sikuti Atelala yankho analibe, ayi, koma anaona kuti munthuyu sakufuna yankho, akufuna chilolezo choopera mkazi wake. Anamasula kansalu kaja ndi mano, n'kukalavulira pansi.

"Chaona mnzako chapita, bambo. Mawa chili pa inu."

"Mwayamba kunditemberera tsopano?"

"Ndilibe nthawi. Basi indisiya."

Limeneli linali tsiku lachisanu ndi chitatu la kuwotchedwa kwawo. Adokotala anawerengera masiku makumi awiri ndi asanu: Lolemba mpaka Lachisanu, naini koloko m'mawa, milungu isanu, osadumphitsa ngakhale limodzi. Chotupa cha m'bere anali atachichotsa kale, koma anati khansa ili ngati nsikidzi, ukasiya ziwiri mumng'alu wa bedi, mawa zadzaza nyumba. Makina owotchera anali amodzi okha m'chipatala chonsecho, odwala mbwee, aliyense ndi ola lake.

Ndiye Atelala ankakwera mabasi awiri kupita, mabasi awiri kubwerera, ndipo dzuwa likafika paliwombo ankakhala atafika pakhonde la sitolo ya nsalu, pamene makina awo opalasa ankakhala pamzere ndi a matelala ena anayi. Anthu ankati bwanji osangogona kunyumba. Agone kuti aziyang'ana denga n'kumawerenga malata? Ntchito ndiyo inkawakumbutsa kuti akadali munthu. N'zoona kuti thupi linkalemera ngati asenza mchenga wonyowa. N'zoona kuti khungu la pachifuwa linada, linkayabwa, ndipo m'khwapa linayamba kusendeka, moti anachita kudzisokera kamalaya kam'kati kofewa, misoko yake ili kunja kuti isamakhule pabala. Koma phazi linkapalasabe, ndipo msoko wawo unali wowongoka ngati kale.

Chimene chinapindika ndi anthu. Mayi wina anabwera kudzatenga nsalu za mayunifolomu a ana ake zisanadulidwe n'komwe, ati wasintha maganizo. Wina anabweretsa siketi yoti aibweze m'chiuno, koma anachita kuiponya patebulo ali chapatali ngati akuponyera galu fupa. Telala woyandikana nawo, amene kwa zaka zisanu ndi chimodzi ankabwereka sizasi yawo osapempha n'komwe, anagula yakeyake n'kusuntha makina ake, ati kuthawa dzuwa. Dzuwa lake liti, khonde lonse lili mumthunzi? Kutchalitchi nakonso, pabenchi la kwaya panayamba kutsala mpata woti n'kukhalapo anthu awiri onenepa, uku ndi uku. Atelala ankangotsegula buku lawo n'kuimba mokweza kuposa kale, koma zinkawapweteka, abale, zinkawapweteka kuposa bala lija.

Chinkawalimbitsa mtima n'chimodzi. Chitsiriza, mwana wawo wamkazi yekhayo pambuyo pa anyamata atatu, ankakwatiwa Loweruka la mlungu wachinayi. Loweruka makina a kuchipatala sagwira ntchito. Atelala anali atazunguliza tsikulo pakalendala ndi choko chodulira nsalu, ndipo madzulo aliwonse, makasitomala akatha, ankatulutsa diresi yoyera m'thumba n'kumaisoka ndi manja, mkanda umodziumodzi.

Mwini diresiyo ndiye sankaoneka. Chiyambire zowotchazi, Chitsiriza anasamukira kwa mnzake pafupi ndi saluni imene ankalukako tsitsi, ati kuchepetsa ulendo. Miyeso ankangoitumiza pafoni. Koma tepi sinama. M'chiuno munawonjezeka kawiri pa nthawi yochepa, m'chifuwa chimodzimodzi. Atelala, amene anayeza akwatibwi osawerengeka, sanafunikire wowauza. Anangomwetulira okha n'kusiya nsalu yokwanira m'misoko.

Lamulungu masana kunabwera mlendo: amayi ake a mkwati. Anali mayi wathupi, wonunkhira mafuta okwera mtengo, wolankhula motsitsa ngati ali pamaliro. Atelala atatambasula dzanja, iwo anangogunditsa manja awo pachifuwa n'kuwerama pang'ono.

"Chimfine, asewere, ndingakupatsireni," anatero, n'kusankha mpando wa pafupi ndi chitseko.

"Ndikuikireni tiyi?"

"Ayi, ndangomwa kumene."

Anafunsana za moyo, za mvula, za mabasi. Adalaivala anakhala pakona, maso pa zikhadabo zawo. Kenaka mlendo anakonza pakhosi.

"Asewere, wakutsina khutu ndi mnansi. Ine ndabwera ngati mayi mnzanu. Tamva za matenda anuwa, ndipo sitikugona nazo tulo. Ndiye tinakhala pansi kwathu, tinati kodi munthu wodwala chonchi n'kumuvutitsa ndi phokoso la ukwati? Kuima nthawi yaitali, fumbi, anthu kukupanikizani. Bwanji mupume, ife tikuyendetsereni zonse?"

"Zikomo pondiganizira. Koma ine ndimakwera mabasi anayi tsiku lililonse, ndipo ndimapalasa makina mpaka madzulo. Kukhala pampando m'tchalitchi sikungandiphe."

"Eee, n'zoona, ndinu olimba. Komatu pali enanso ofunika kuwaganizira. Kudzakhala makanda. Kudzakhala amayi oyembekezera." Apa anawayang'ana m'maso, n'kubwereza pang'onopang'ono. "Amayi oyembekezera, asewere."

"Lankhulani zomveka. Mukuti ndidzawatani?"

"Ine sindine dokotala. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Kwathu kunali bambo wina ankawotchedwa choncho. Mphaka wake anaswa ana opanda maso."

"Mphaka."

"Mphaka, asewere. Ndinawaona ndi maso angawa. Ndiye diresi ija musavutike nayo. Tapeza ina yobwereka, yokongola ndithu. Nsalu yoti yakhala pamiyendo panu mwezi wathunthu, mwana n'kuivala pamimba tsiku lonse? Inunso taganizani."

Atelala anadzuka n'kukatenga kalata m'chikwama. Anali ataipempha kwa adokotala mlungu womwewo chifukwa cha nkhani ya kapu ija. Inanena momveka bwino, ndi chidindo pansi, kuti wodwalayu saopsa kwa munthu aliyense, kaya khanda kaya mayi wapakati.

"Werengani."

"Ikani patebulopo, ndikuona ndili pompano." Anasuzumira kalatayo manja ali pachikwama. "Zalembedwa bwino. Koma pepala silibereka mwana, asewere. Zikadzavuta, adokotala anuwo adzati pepani, ndipo pepani sapoletsa chilonda."

"Bambo a Chitsiriza, simuyankhulapo?"

Adalaivala anakanda m'mutu. "Nkhani zake n'zofunika kuziona mofatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Dekhani nokha ndi nkhono zanuzo!" Atelala anatembenukira mlendo uja. "Mverani, mayi. Mwana ameneyu ndinamubereka ndine, pa tsiku la mvula, nesi atapita kukadya. Ndamulera ndi singano iyi. Pa ukwati wake ndidzabwera, ndidzakhala kutsogolo, ndipo miyendo ikadzalola ndidzavina. Amene akuopa magetsi adzakhale panja."

Mlendo anadzuka osakwiya, n'kumwetulira kumwetulira kwa munthu amene wasunga mpeni wina m'thumba. Potuluka anatsegula chitseko ndi chigongono.

Patapita masiku anayi, Adalaivala anabwera ndi nkhani ali chiimire, chipewa chili kumutu.

"Ukwati ausuntha. Abusa ali ndi ulendo wadzidzidzi Loweruka lija. Ndiye akuti uchitike Lachisanu."

"Lachisanu nthawi yanji?"

"M'mawa. Naini koloko."

"Naini? Inu simunawauze kuti naini ine ndimakhala pamakina?"

"Ndinanena, koma abusa ndi ola lokhalo limene ali nalo. Akangodalitsa, anthu akukwera basi kupita kwawo kwa mwamuna, madyerero ndi komweko. Ulendo wa tsiku lathunthu, inu simungauthe, Lolemba mukufunika kuchipatala." Ananena zonsezi mothamanga ngati mwana wolakatula ndakatulo yoloweza, kenaka anatuluka kukaona nkhuku zimene sizinawaitane.

Mtima wa mayi, abale inu, nthawi zina umapusa dala. Atelala anakhulupirira. Anakwiyira abusa, anakwiyira ulendo wawowo, anakwiyira ngakhale kalendala. Sanafune kuyang'ana kumene utsi unkachokera.

Lolemba, ali pabenchi la m'khonde la chipatala, anamufunsa nesi wa pamakina ngati angadumphitse Lachisanu lokhalo.

"Mayi, ayi," anatero nesiyo, mtsikana wamagalasi wosadziwa kunyengerera. "Khungu lanu lapirira masiku onsewa, musawononge ntchito. Ndipo ola lina ndilibe. Taonani bukuli, ladzaza mpaka madzulo."

"Ndi ukwati wa mwana wanga, nesi."

"Ndikumva, mayi. Koma ndimuchotse ndani?"

"Chotsani ine," anatero mawu okhwekhwereza kumapeto kwa benchi.

Anali Akalipentala, mkulu wowonda wa khansa ya pakhosi, amene mawu ake ankamveka ngati sowo yobuntha. Ola lawo linali fili koloko masana, koma ankafika m'mamawa chifukwa kwawo galimoto inali imodzi patsiku. Ankakhala pabenchipo tsiku lonse akuseketsa anthu. Ndiwo anayambitsa zoti odwala onse a pamzerewo azitchulana kuti mbatata, poti onse ankawotchedwa mbali imodzi.

"Mbatata inzanga," anatero, "inu mudzabwere fili, ine ndidzalowe naini. Mwinanso ndidzapsa bwino m'mawa, moto usanatope."

"Zoona, bambo? Mungandichitire zimenezo?"

"Nanga n'chiyani? Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Ife tonse tikupsa, tizimirana tokhatokha. Kwathu adzukulu anawaletsa kulowa m'shedi mwanga. Mipando imene ndinakhoma chaka chatha akuti nayonso ili ndi magetsi. Zatsala nkhuku zokha, ndizo sizinamve nkhaniyi." Anaseka mpaka kutsokomola, n'kupukuta misozi. "Pitani mukavine, mayi. Mukavinireko ndi ine."

Nesi anafufuta, n'kulemba. Atelala anagwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri, ndipo iye sanalibweze. Anali munthu woyamba wosavala yunifolomu kuwagwira dzanja m'milungu itatu.

Lachitatu madzulo anamaliza mkanda wotsiriza. Lachinayi atachoka kuchipatala sanapite kukhonde. Anaisita diresi ija, anaipinda m'pepala loyera, n'kukwera basi ya kusaluni. Ankati mwana akangoiona, za yobwereka zija zithera pomwepo.

M'saluni munali fungo la mankhwala a tsitsi ndi phokoso la zowumitsira. Chitsiriza anali ataweramira mutu wa kasitomala, chipeso chili kukamwa. Atawaona amayi ake pagalasi, chipeso chinagwa.

"Amayi! Bwanji osaimba foni?"

"Kuona mwana wanga ndichite kupempha chilolezo?"

"Tiyeni kuseri."

Kuseri kunali migolo ya madzi ndi matawulo oyanikidwa pachingwe. Chitsiriza anakaima kuseri kwa mgolo, manja atapinda pamimba. Anali atanenepa kumaso, ndipo Atelala anafuna kumugwira masaya ngati kale, koma anaona kuti mwanayo wayeza mtunda wake.

"Ndabwera ndi nkhani yabwino, mwanawe. Mawa ndidzakhalapo! Bambo wina wachifundo wandipatsa ola lake, ndidzapita kuchipatala masana. Abusa achite ulendo wawo, ife sitigonja. Ndipo taona." Anayamba kumasula pepala lija. "M'chiunomu ndasiya malo. Usachite manyazi, ndinadziwa kale. Palibe adzaone kanthu."

Anadikira kuti mwana akuwe ndi chimwemwe. Chitsiriza anangoti kukamwa yasa, nkhope itagwa ngati wamva za maliro.

"Mwasintha ola?"

"Eya. Bwanji, sukukondwa?"

"Amayi, simukanasintha."

"Ukutanthauza chiyani?"

Mtsikanayo anayamba kulira mosatulutsa mawu, misozi ikungotsika. "Abusa alibe ulendo uliwonse, amayi."

Chowumitsira tsitsi chinazima mkatimo, ndipo kunakhala zii.

"Ndiye naini koloko anasankha ndani?"

"Apongozi ndi amene anati tipeze njira yoti musakhumudwe. Anati tikakuletsani pamaso mudzabwerabe. Ndiye anafunsa kuti ndi nthawi iti imene simungathe kubwera."

"Anafunsa ndani?"

Chitsiriza anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Anawauza ola langa ndani? Bambo ako?"

"Ndine, amayi."

Atelala anakhala pa chidebe chovundikira chimene chinali pompo. Diresi inali pamiyendo pawo, mikanda ikunyezimira padzuwa.

"Iwe. Iwe amene unkandiperekeza kukapimitsa. Iwe amene unamva ndi makutu ako adokotala akunena kuti sindiopsa kwa munthu."

"Ndinamva, amayi, ndipo mwina n'zoona."

"Mwina?"

"N'zoona, chabwino, n'zoona! Koma inu simukudziwa. Iyi si yoyamba." Anagwira pamimba. "Chaka chatha inalipo ina. Inachoka ili ndi miyezi itatu. Sindinakuuzeni chifukwa ndi nthawi imene munapezeka ndi chotupa. Apongozi akudziwa. Akuti banja lathu lili ndi magazi oipa, mayi khansa, mwana kutaya mimba. Mwana wawo anachita kuwagwadira kuti ukwatiwu uchitike. Ndiye anandiuza pamaso kuti: amako akadzaponda m'tchalitchimo, iyinso ikachoka, usadzafunse chifukwa chake, udzangolongedza."

"Ndiye iwe unati chiyani? Sunawauze kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo?"

"Miyambi sindidzagona nayo m'nyumba imodzi, amayi! Ndidzagona ndi anthu amenewo. Mimba zimachoka zokha, inu mukudziwa. Ikadzachoka inu mutabwera, ndidzawauza chiyani? Ndidzawaonetsa kalata ya adokotala?" Anapukuta mphuno ndi thawulo la kasitomala. "Ndiponso ine ndemwe ndikuopa. Ndikagona ndimaganiza kuti bwanji ngati madokotala sadziwa zonse? Ndikudziwa kuti n'zopusa. Koma ndikuopa, amayi. Ndikukuopani."

Mawu amenewo ndi amene anawamaliza. Za asewere akanalimbana nazo, za amuna awo anali atazizolowera. Koma mwana amene anayamwa bere lomwelo limene tsopano linali kupsa, kunena kuti ndikukuopani! Anafuna kukalipa, kutukwana, kumukumbutsa usiku uliwonse umene anasoka mpaka maso kufiira kuti iye apite kusukulu. Atayang'ana, anaona kamtsikana kamantha, kali ndi pakati, kakunjenjemera kuseri kwa mgolo. Anaona kuti akapita mawa adzapambana mkangano, koma wolipira adzakhala mwanayu, tsiku lililonse, m'nyumba ya eni, mpaka atabereka.

"Bambo ako akudziwa zonsezi?"

"Ndi amene anakalankhula ndi abusa."

Atelala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Nkhanga zinapangana kusanapse. Anayamba kupinda diresi ija mosamala, manja m'kati, mikanda pamwamba, monga ankachitira ndi ya kasitomala aliyense.

"Yobwerekayo yakukwana m'chiuno?"

"Ikundithina pang'ono."

"Uuze wina amasule msoko wakumbuyo, osati wam'mbali. Wam'mbali umaonekera. Ndipo usamange lamba."

"Amayi, pepani."

"Usaime nthawi yaitali. M'basimo ukhale kutsogolo, kumbuyo kumadumpha."

"Amayi, mundikhululukire."

"Bwerera kuntchito, kasitomala wako akudikira."

Anadzuka. Chitsiriza anasuntha phazi limodzi ngati akufuna kuwathamangira, koma linathera pomwepo. Atelala anatulukira kanjira ka kumbali kuti asadutsenso m'saluni.

Lachisanu kunacha bwino, kopanda mtambo. Adalaivala anasita okha suti yawo, n'kuwotcha kolala pang'ono. Anazungulirazungulira pabalaza, akutsegula pakamwa n'kutsekanso.

"Ndiye ine ndikupita," anatero pomaliza. "Ndidzakuuzani mmene zayendera."

"Tayi yapindika," anayankha Atelala. Sanadzuke kukawakonzera, ndipo iwonso sanayandikire.

Pamene ankafika m'khonde la chipatala, Akalipentala anali atavula kale jekete, akudikira kuitanidwa. Atawaona anadzidzimuka.

"Aa, mbatata inzanga! Mwaiwala? Lero ndinu a fili koloko. Ukwati uja?"

"Bwererani pa ola lanu, bambo. Zikomo kwambiri."

Mkuluyo anawayang'ana nthawi yaitali. Nthabwala imene inali pamilomo inabwerera. Anavalanso jekete lake mwakachetechete, n'kusuntha pabenchi kuti akhale moyandikana nawo, phewa kukhudza phewa.

Nesi anaitana. Atelala analowa, anavula bulauzi ndi kamalaya kam'kati, n'kugona pa tebulo lozizira lija, dzanja lamanzere pamwamba pa mutu. Nesi anawasuntha pang'ono uku, pang'ono uku, mpaka timizere tofiira ta kuwala tinagwera ndendende pa timadontho tojambulidwa pachifuwa. Kenaka anatuluka, chitseko chachitsulo n'kutsekeka. Wotchi ya pakhoma inkati naini koloko yadutsa ndi mphindi khumi.

Panthawi imeneyo ndiye kuti Chitsiriza akulowa m'tchalitchi. Bambo ake amugwira mkono, tayi ili yopindika. Kwaya yaimirira, ndipo lero pabenchi palibe mpata. Mwana akuyenda pang'onopang'ono m'diresi ya eni yomuthina, akuyang'ana mpando wakutsogolo kumene kwakhala munthu wina.

Makina anayamba kulira. Ndi pomwepo pamene chinthu chimene anachimeza dzulo kuseri kwa saluni chinatuluka, ndipo sichinabwezeke. Atelala analira. Analira kulira kwenikweni, kochokera m'mimba, kogwedeza nthiti.

Makina anazima mwadzidzidzi. Mawu a nesi anatuluka pa kachipangizo ka pakhoma.

"Mayi, chifuwa chikugwedezeka. Cheza chikapita pambali chikhudza mtima. Mukumva kupweteka?"

"Ayi."

"Ndiye chonde musalire. Mukalira sitingathe kuwotcha, ndipo panja pali anthu khumi ndi awiri akudikira. Zatsala mphindi zitatu zokha. Mungathe?"

Atelala anayang'ana kudenga. Analuma mlomo wam'munsi mpaka kumva mchere wa magazi. Anakoka mpweya pang'onopang'ono, n'kuutulutsa pang'onopang'ono, kufikira nthiti zitamvera. Misozi yokha ndiyo inkatsika m'mbali n'kulowa m'makutu, ndipo dzanja loipukutira linali pamwamba pa mutu, losaloledwa kusuntha.

"Ndingathe," anatero.

Makina analiranso. Anagona duu, osagwedezeka ngakhale chala, mpaka mphindi zitatu zija zinatha. Chitseko chinatseguka, nesi anabwera n'kuwadzutsa, akuyang'ana kale dzina lotsatira m'buku lake.

"Mwachita bwino, mayi. Atsala asanu. Tionana Lolemba, naini koloko."